Anandisayinitsa Ndekha, Alamu Kulibe

Akazi anga, amake Tereza, analowa m'chipatala ndi miyendo iwiri yamoyo. Atuluka akukoka umodzi. Ndafunsa kalaliki, ndafunsa namwino, ndafunsa dotolo, aliyense akundilozera khomo la mnzake. Tsono ndikulembera inu anthu a ku Chongwe, makamaka anzanga ochokera kum'mawa amene munatenga akazi anu chitengwa monga ine. Mukawerenga, muwerengereko ena potuluka m'tchalitchi.

Ine ndinali mphunzitsi. Tsopano ndimalima ku Bundabunda. Pepala sinditaya. Chitupa, malisiti a msonkho, makadi a ubatizo wa ana, zonse zili m'chitini pansi pa bedi. Choncho wina asanene kuti mdala waiwala kapena wawonjeza.

Amake Tereza kwawo ndi ku Katete. Pamene tinkasamukira kuno ndinakapempha kwa mlongo wawo, a Gabriyele, amene ndi mwinimbumba. Anati, "Alamu, mutengeni, koma takubwerekani chabe. Akadwala matenda aakulu, mau afike kuno musanachite kanthu." Ndinavomera pamaso pa ankhoswe. Lonjezo limenelo silili pa pepala, koma kwathu limalemera kuposa chidindo cha ku boma.

Mvula itangoyamba, mimba ya amake Tereza inatupa ngati ya pakati, munthu wa zidzukulu. Ku disipensale anatipatsa kalata yopita ku chipatala chachikulu cha m'tauni ya kunjanji. Dzina lake sindilemba pano, eni ake akudzidziwa. Tinakwera lole Lachiwiri m'mamawa, mashereni anayi munthu mmodzi.

Tinakhala pa benchi ya pakhonde kudikira dotolo. Pambuyo pathu panafika mayi wina wokalamba wa cha ku Kasisi, akubuula, atagwira pamimba. Amake Tereza anasendera nati, "Tsogolani amama, ndimwe akulu." Mayiyo anatsogola. Musaiwale zimenezi, ndidzabwererako.

Dotolo anali mzungu wachinyamata, waulemu ndithu, wolankhula kudzera mwa mthandizi wake. Anagwiragwira pamimba nati pali chotupa, afunika opaleshoni. Kenaka anatitumiza kwa kalaliki. Kalaliki anakankhira pepala kwa ine osandiyang'ana n'komwe.

"Ba mudala, sainani apa."

Ndinati ndiyambe ndatumiza mau kwa alamu anga, popeza ndiwo eni munthu.

Apo ndiye anatukula mutu. "Alamu? Kansi okwatila ni imwe olo ni alamu?"

Anthu pa benchi anaseka. Ine sindinaseke. Ndinamufotokozera mwambo wathu pang'onopang'ono, monga ndinkachitira ndi ana a sukulu. Iye anati dotolo amang'amba Lachinayi lokha, ndipo malo a sabata zotsatira anadzaza kale. "Mukaphonya apa mubwele mwezi wa mawa, ngati bamayo bazakhala bakali moyo."

Inu mukadatani? Chingerezi ndimawerenga. Pepalalo linkati ndikulola kuti awang'ambe, ndi kuti awapatse mankhwala oletsa ululu amene dotolo aona kuti ndi oyenera. Basi. Ndinafunsa kuti mankhwala ake ndi otani. Kalaliki anati, "Bazagona tulo, sibazamvela kanthu." Ndinasayina. Tsiku lomwelo ndinapita ku positi kukatumiza telegalamu ku Katete. Lisiti lake ndili nalo.

Lachinayi madzulo anandilola kulowa mu wodi. Amake Tereza anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Atate ake Tereza, sananigoneke."

"Mukuti bwanji?"

"Ananikhazika pa tebulo, ananiweramitsa, n'kunibaya pamsana. Miyendo inangochoka. Ninali maso mpaka kumaliza. Nimamva zitsulo zikulira m'mbale. Wina anaima kumutu na wochi, alemba. Wina anibaya na pini pa nthiti, akuti mumvela, mumvela? Ine nimati kapena nafa kale, uku n'kufunsidwa kwa kumwamba."

Tulo timene analonjeza kalaliki ndi timeneti?

Zoona ndinena, ngakhale ndakwiya. Chotupa anachichotsa, bala linapola bwino, ndipo pa chimenecho ndikuthokoza. Koma mutu unawapweteka sabata yathunthu, akangodzuka ngati wina akuwakhoma ndi mpini. Mwendo wamanja unabwerera tsiku lomwelo. Wamanzere ayi. Phazi linangolendewera, dzanzi kuyambira pabondo mpaka ku zala. Namwino anati, "Zizasila zeka," kutanthauza kuti zidzatha zokha. Mayi wa ku Kasisi uja anamugoneka ndi mankhwala a pamphuno. Anasanza masiku awiri, koma anatuluka akuyenda yekha, natitsanzika bwino.

Potitulutsa anatipatsa khadi loti tizibwera mwezi ndi mwezi. Ndinkaganiza kuti ndi chithandizo. Timafika, dotolo amatenga pini, amabaya kuyambira ku chala kukwera m'mwamba, amalemba mzere wa inki pa khungu pamene amake Tereza anena kuti amva, kenaka amalemba m'buku lake. Mankhwala palibe. Ngakhale ndodo yoyendera sanatipatse, ndinasema ndekha. Ulendo uliwonse ndi ngolo ya mnansi kufika pa msewu waukulu, lole, ndi kugona pa khonde la wachibale ku komboni. Zonsezi kuti munthu abayidwe ndi pini.

Ulendo wachitatu ndinapeza mthandizi wa dotolo akusamba m'manja pa mpopi kuseri kwa wodi. Ndinamufunsa kuti bukulo n'lachiyani. Anadabwa kuti sindikudziwa.

"Ah, ba mudala, sibanakuuzeni? Dotolo alinganiza njila zibili. Oyamba pa laini, mankhwala ya pamphuno. Wachibili, jakisoni ya pamusana. Wachitatu pamphuno futi. Afuna aone yabwino ni iti, akauze banzake ku Ulaya."

"Nanga akazi anga?"

"Nambala yabo inagwela pamusana."

Ananena ngati akunditchulira mtengo wa mchere, napukuta manja, nalowa.

Ndinakhala pa chitsa. Ndiye kuti si matenda awo amene anasankha jakisoniyo. Si mtima wawo, si msinkhu wawo. Ndi benchi. Akadapanda kusendera kuti munthu wamkulu atsogole, bwenzi atagona tulo monga anatilonjezera. Sindikufunira mayi uja choipa, iyenso sanauzidwe kanthu. Koma ndifunse: ulemu pa benchi wasanduka mlandu liti?

Musandimve molakwa. Ine sindidana ndi kuyesa zinthu. Kapena jakisoniyo ndi wabwino kwa ambiri, sindikudziwa, si ntchito yanga. Chaka chatha mlangizi wa zaulimi anafuna kuyesa mbewu yatsopano ya chimanga m'munda mwanga. Anabwera, anakhala pa mpando, anandiuza ubwino wake ndi kuipa kwake, nati ndikakana palibe mlandu. Ndinamupatsa ndime imodzi. Ngati ndime ya chimanga amayamba apempha, msana wa munthu ndiye ungotengedwa?

Kunyumba zinthu zinaipa. Amake Tereza, amene ankasenza mtsuko kuchokera ku mtsinje osaugwira, tsopano amagwa pa chiundo cha khomo. Tsiku lina anaponda khala la moto osadziwa. Chinawauza ndi fungo. Ndinagulitsa atambala awiri n'kuwagulira nsapato za tenesi kuti phazilo lisamavulale.

A Gabriyele anafika titakolola. Telegalamu inagona pa sitolo ina ya pa boma mpaka wina anaikumbukira. Anaona mlongo wawo akubwera kudzawalonjera, ndodo kutsogolo, phazi likulemba mzere m'fumbi. Sanalandire ngakhale madzi.

"Alamu, ninati chiyani tsiku lija?"

Ndinatulutsa chitini, ndinawaonetsa lisiti la telegalamu. Analitembenuza uku ndi uku nandibwezera.

"Ili likuti munatumiza mau. Silikuti munadikira yankho."

Ndinafotokoza za Lachinayi, za kalaliki, za mwezi wa mawa. Pamenepo anayamba kufewa. Koma bodza sindilidziwa, ndinawauzanso za pa mpopi. Nkhope inasintha.

"Ndiye mlongo wanga munakamupereka kuti azungu aphunzirirepo? Anakupatsani zingati?"

Mau amenewo anandilasa kuposa pini ya dotolo. Ndinati tiyeni tonse ku chipatala, mukamve pakamwa pa dotolo mwini kuti ine sanandiuze. Anavomera. Anati akamva zimenezo, mlandu uchoka pa ine.

Lolemba, eyiti koloko, tinali pa geti tonse atatu. Mlonda anayang'ana khadi.

"Odwala na bamuna babo chabe. Aba ni bandani?"

Ndinati ndi mwinimbumba.

"Pa khadi palibe mwinimbumba."

Ndinachonderera. Ndinavula chipewa kwa munthu wa msinkhu wa mwana wanga. Anati lamulo ndi lamulo. A Gabriyele, munthu amene kwawo akalankhula anthu amakhala chete, anakhala pa mwala kunja kwa waya mpaka dzuwa linafika pamutu.

M'kati tinapeza dotolo wina. Uja wa pini anapita kwawo ku Ulaya kukapuma, ndipo buku ananyamula. Adzabwera liti? Sakudziwa. Watsopanoyo anagwira phazi nati mitsempha imachedwa kuchira, kapena idzachira, kapena ayi. Ndinamupempha atuluke pa geti mphindi zochepa akalankhule ndi alamu. Anati iye pa nkhaniyi panalibe, sanganene za mnzake. Ndinabwerera kwa kalaliki uja. Ndinati andilembere mizere iwiri yokha, yonena kuti mwamuna wa mayiyu sanauzidwe za kulinganiza kwa njira ziwiri. Anatsegula kabati, anatulutsa pepala lija, naloza pansi.

"Koma ba mudala, iyi si saini yanu?"

Inde ndi yanga. Ndinasayinira mpeni, chifukwa mpeni anandiuza. Ndinasayinira tulo, chifukwa tulo anandilonjeza. Kuyesa ndinasayinira pati? Andionetse liwu lake, ndili ndi magalasi.

Pamene ankafuna dzina pa pepala anati mwamuna akwanira, alamu ndi a chiyani. Lero ndikufuna mboni, onse asanduka alendo. Amene anandiseka pa nkhani ya alamu sadzakhala nawo pa bwalo la ku Katete. Ndidzakhala ndekha.

Tinabwerera pa lole. Titafika a Gabriyele anati, "Alamu, nakhala pa mwala m'mawa wonse, palibe amene watuluka. Chitengwa chatha. Mlongo wanga apita kwawo. Mukapeza munthu amene anamubaya, abwere atiuze na pakamwa pake, tidzakamba."

Amake Tereza anayesa. "Alongo anga, awa sanalakwe. Nikadafa na chotupa chija mukadati chiyani?"

"Ukadafa tikudziwa. Manga katundu."

Sindingawatsutse a Gabriyele. Ndinalonjeza, ndipo sindinadikire. Mwambo uli kumbali yawo. Koma amene anandipanikiza pakati pa lonjezo ndi moyo wa munthu akudya bwino m'tauni.

Tsono ndikufunsa akulu a chipatala chimenecho, ndipo ndikufuna yankho lolembedwa. Ndani analola kuti odwala azigawidwa monga akhalira pa benchi, osawauza? Kalaliki anati tulo, kodi ananama yekha kapena anatumwa? Bukulo lawoloka nyanja ndi mwendo wa akazi anga m'kati, nanga mwini mwendo mwamusiyira chiyani? Ndipo ndani mwa inu adzakwera lole kupita ku Katete kukauza mwinimbumba kuti ine sindinagulitse mlongo wake?

Inu anzanga, akakukankhirani pepala musathamangire cholembera. Funsani kuti adzagona kapena adzakhala maso. Funsani ngati njirayo aisankhira matenda kapena aisankhira buku. Ayankhe dotolo mwini, pamaso pa mboni. Akakusekani za alamu, sekani nawo, koma dzanja likhale m'thumba.

Amake Tereza anapita Loweruka. Tinawaperekeza pa ngolo mpaka pa msewu waukulu. Asanakwere anandikokera pambali nati, "Mtedza wa mbewu uli mu nkhali ya kuseri kwa chitseko. Musadye. Nizabwera kudzabzala." Tinawanyamula anthu awiri kuwakweza pa lole. Lole itachoka, fumbi litatsika, ndinaona nsapato ya kumanzere ili pansi pa msewu. Inavuka powakweza, iwo osamva.

Ndaiika m'chitini pamodzi ndi mapepala. Dotolo uja akadzabwera kuchokera kwawo adzandipeza pa geti ndili nayo m'manja, ndipo adzandiuza kuti imeneyi ailemba pa tsamba liti.