Mfuti ya a Bonongwe ndi Sipoko ya Njinga

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi agogo anga, ine osadziwa. Ndiwo anandilera makolo anga atamwalira, ndipo nditamaliza Fomu 4 anatopa kundiona ndikukonza njinga za anthu pansi pa mtengo ku Thambani. Tsiku lina akugulitsa manachesi pa boma la Mwanza, anacheza ndi a Zuze, bambo amene anapuma pa ntchito yosamala mfuti n'kutsegula kashopu kawo kovomerezeka. Agogo anawauza kuti, "Mwana ndili naye. Salankhula, koma amaona." A Zuze anati wotero ndi amene akumufuna. Ndinayamba Lolemba lotsatira, pa miyezi itatu yondiyesa.

Anthu amaganiza kuti ntchito ya mfuti ndi kuwombera. Ine miyezi yonseyo sindinawombe ngakhale kamodzi. Yanga inali kusuzumira ndi kupukuta. Mfuti ikabwera, timayamba taona chiphaso cha mwini wake. Kenako timachotsa bawuti, kachitsulo kotsekera chipolopolo kumbuyo, kuona ndi maso komanso kupisa chala ngati mulibe chipolopolo, n'kuimanga pa vayisi, chopanira chokutidwa ndi chikopa. Tikatero timatenga kakamera kakang'ono kokhala kunsonga ya chingwe, kokhala ndi tinyale take, kolumikiza pa foni. Dzina lake ndi borosikopu, koma a Zuze ankangoti diso. Timakalowetsa mu mpope wa mfuti pang'onopang'ono, n'kumajambula.

Mkati mwa mpope muli timizere tozungulira timene timapotoza chipolopolo kuti chiyende molunjika. Zipolopolo za mfuti ya .22 n'za mtovu, ndipo chilichonse chikadutsa chimasiya pang'ono. Pa foni mtovuwo umaoneka wotuwa, womatirira ngati phala loumira m'mbale. Ukachuluka umakwirira timizere tija, mfuti n'kuyamba kuphonya. Pochotsa timanyowetsa kansanza ndi mankhwala, kukadutsitsa, kudikira, kenako kukulunga ulusi wa mkuwa pa burashi n'kumakankha ndi ndodo yokutidwa ndi pulasitiki, kuchokera kumbuyo mpaka kutulukira kukamwa. Ulusiwo timayamba tauyesa ndi maginito. Ukakakamira ndiye kuti ndi chitsulo chopakidwa utoto, chokwechera mapoto, ndipo chimawononga mpope. Magolovesi savulidwa, ndipo pa tebulopo sipadyedwa kanthu, chifukwa mtovu ndi poizoni.

Chotopetsa sichinali mtovu ayi, koma eni mfuti. Wina ankathira mafuta ophikira mu mpope mpaka kuuma ngati ulimbo. Wina oyilo wakuda wa galimoto. Wina anatseka kukamwa ndi chitsononkho n'kuiwala. Aliyense akafika ankati, "Mfuti yangayi ndimaisamala ngati mwana." Ine ndinkangogwedeza mutu.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali la mu Malichi, chimanga chikukhwima, kutatsala sabata imodzi kuti miyezi yanga itatu ikwane. A Zuze anali atapita ku Blantyre kukatenga mankhwala otsukira mfuti. M'mawa kunabwera a Bonongwe, mlimi wa kwa Kanduku, mfuti ataikulunga m'thumba la feteleza.

"Ikuphonya nyani ali apa ndi apo," anatero. "Anyani akumandiseka, ali ndi chimanga changa m'khwapa. Bwana wako ali kuti?"

Ndinati abwera masana. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunena kuti akupita kumsika, ndipo akabwera aipeze itatha.

Potulutsa mfutiyo m'thumba, ndinaona sipoko ya njinga, kunsonga kwake kutakulungidwa waya wokwechera mapoto, wakuda bii. Ndinaiona bwinobwino. Ndinadziwanso ntchito yake. A Bonongwe anali adakali pakhomo akumanga chingwe cha nsapato. Koma kufunsa munthu wamkulu kuti, "Kodi mumapisa ichi mu mfuti?" kunandilemera pakamwa. Ndinaibwezera m'thumba n'kukhala chete, monga ndinazolowera.

Nditalowetsa diso, timizere sitinkaoneka n'komwe. Mtovu unali wambee, mpope wonse. Ndinajambula zithunzi n'kuyamba ntchito. Maola atatu ndili kukankha, kusintha ulusi, kudutsitsa tinsanza, ndipo tinkatuluka ndi tizidutswa tonyezimira ngati mamba a usipa. Msana unawawa, thukuta likulowa m'maso, kulipukuta osatheka chifukwa cha magolovesi. Kansanza katatuluka koyera, ndinalowetsanso diso ndikuyembekeza kunyadira.

Chigawo cha kukamwa chinali chokalikakalika, timizere titadyeka, m'mphepete mwa kamwa mutagumuka. Mtovu uja ndi umene unkabisa zonsezo.

A Bonongwe atabwera ndinawaonetsa. Anayang'anitsitsa, kenako anati ndiwaonetse zithunzi za m'mawa. Pa zithunzi za m'mawa panalibe chokalika ngakhale chimodzi. Zithunzi zanga zomwe zinandigwira ngati mbala.

"Ndabwera nayo yosalala, wandikwechera ngati chiwaya cha tchipisi!" anakuwa. "Iwe ndani anakupatsa mfuti? Bwerera ukamate machubu!"

Akabaza anaimitsa njinga pakhomo. Amayi a manachesi anasiya malichero awo kudzasuzumira. Wina anati, "Ayankhetu mwanayo." Wina anati, "Ameneyo sayankha, n'chitsa."

A Zuze anafika phokoso lili mkati. Anaona zithunzi za m'mawa, anaona za masana. Anatenga maginito n'kuyesa ulusi umene ndinagwiritsa ntchito, sunakakamire. Komabe nkhope yawo sinamasuke.

"Yohane," anatero motsitsa mawu, "munthuyu wabwera ndi mfuti, zithunzi zikuti inali bwino. Ukalephera kundilongosolera, usiye makiyi a shopu patebulopo."

Ndinaganiza za agogo akukwera matola ndi dengu lawo, atauza kale mpingo wonse kuti mdzukulu wawo ali pa ntchito. Mawu sanabwerebe, koma manja anayenda. Ndinapisa m'thumba la feteleza n'kutulutsa sipoko ija. Ndinalowetsa diso kuchokera kukamwa, pang'onopang'ono, onse akuona pa foni. Zokalika, zokalika, zokalika, kenako mwadzidzidzi mpope woyera, timizere takuthwa ngati tatsopano. Ndinaima pomwepo, ndinamata tepi pa chingwe pamene chinalekezera kukamwa, n'kuchisolola. Ndinachigoneka pambali pa sipoko. Kutalika kwake kunali kumodzi, kupatula kachigawo kogwira ndi zala.

"Ndodo yanga imadutsa mpope wonse," ndinatero. "Ikanakhala ndiyo, sibwenzi zitathera pakati. Zathera pamene sipoko imafika."

Wakabaza wina anaseka mpaka kugwira khoma. A Bonongwe sanachite manyazi n'komwe.

"Nanga mavu akamanga dothi m'menemo ndiwachotse ndi chiyani, pemphero?" anatero. "Bambo anga ankatokosa gogodela yawo ndi waya moyo wawo wonse, nguluwe zinkagwa!"

A Zuze anawafotokozera kuti gogodela ilibe timizere, ndi paipi chabe, ndipo iyi kuti ilunjikenso pafunika kudula nsonga n'kukonza kamwa. A Bonongwe anang'ung'udza kuti mfuti za masiku ano n'zofewa ngati ana a masiku ano. Anaisiya kuti ikonzedwe. Sipoko yawo anaitenga, anati ndi yabwinobwino. Kupepesa sanapepese.

Anthu atabalalika ndinkayembekeza kuti a Zuze andiyamikira. Anatseka chitseko n'kundifunsa, "Sipokoyo unaiona nthawi yanji?"

"M'mawa."

"Mwini wake alipo?"

"Anali pakhomo."

"Ndiye unaisunga kuti iswane?" Anakhala pansi n'kupukusa mutu. "Ukanamufunsa pomwepo, ukanamuuza kuti pansi pa mtovu pangakhale mabala, bwenzi lero kulibe msonkhano pakhomo panga. Agogo ako anati umaona, ndipo sananame. Koma diso lopanda pakamwa ndili nalo kale, ili la pachingweli."

Makiyi sanandilande. Ndinagwira ntchito ndi a Zuze zaka zinayi.

Mpaka lero sindine wolankhulalankhula, ndipo eni mfuti sanasinthe. Mwezi wathawu wina anabwera ndi mpope wonunkha palafini, akulumbira kuti sanathiremo kanthu. Koma tsopano mwini mfuti sachoka ndisanakhuthule thumba lake patebulo iye akuona, ndisanamuonetse pa foni mmene mkati mulili, ndi kumuuza kuti chimene mtovu wabisa sindikuchidziwa mpaka nditauchotsa. Ngakhale akhale wa imvi, ndimamufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, mavu mumawachotsa ndi chiyani?" Ndiye ndimadikira yankho, burashi ili patebulo.