Dzino lomwe ndinazula ndi ulusi wa chilimira

Ena mukamva nkhaniyi muziti nkhalambayi ikungokometsa, koma Mulungu ndi mboni, ndipo amene tinkakhala nawo ku Lungwena masiku a chipani chimodzi akudziwa chifukwa chake mayi a kunyumba kwanga amaseka ataphimba pakamwa ndi chitenje. Si manyazi achibadwa ayi. Ndinawachita ndine, ndi manja angawa.

Mayiwa ndiwo ankayambitsa nyimbo mu kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo akakweza mawu ngakhale owodzera pa benchi ankadzidzimuka. Ndiye anayamba kudwala chiseyeye. Akatsuka m'kamwa malovu ankatuluka ofiira, nkhama zinatupa, dzino limodzi lakutsogolo m'munsimu n'kuyamba kugwedera. Anandipempha kangapo konse kuti ndiwaperekeze ku chipatala cha pa boma ku Mangochi, poti za mano zinkachitikira kumeneko kokha.

Nanga bwanji sindinawaperekeze? Uchitsiru wanga uli pamenepa. Khadi langa la chipani ndinapita nalo panyanja m'thumba la kabudula, mwera unatimenya, pobwera linali phala lokhalokha. Kupeza lina sikunali kovuta, koma ndinafunika kukagwada kwa apampando a nthambi yathu, amene tinali titakanganirana malo oyanikira usipa. Komanso kunkamveka kuti pa mlatho wolowera m'tauni pamaima anyamata a malaya ofiira n'kumafunsa khadi aliyense wodutsa. Ine, bambo wa ndevu zanga, kukakhazikidwa pansi padzuwa ndi ana obadwa dzulo? Ndinati zimenezo ayi.

Ndinawauza mayiwa kuti dzino logwedera ndi lakufa kale, silifuna dokotala, inenso ndinazulapo langa ndekha padoko osafa. Ndinatenga ulusi wa nayiloni wosokera chilimira, ukonde wathu wa usipa uja, wonunkha nsomba momwemo, osautsuka n'komwe, n'kumanga mfundo ya asodzi yosamasuka ija. Nditakoka koyamba anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndidikire kaye, akumva kuti muzu udakali wolimba. Ine ndinawaseka kuti amenewo ndi mantha achikazi, n'kukoka kachiwiri ngati ndili pa ukonde. Dzino linathyokera pakati, chitsa n'kutsalira, nkhama n'kung'ambika. Ndinathirapo mchere, n'kutsekapo ndi kansanza, n'kuwauza kuti mawa adzuka bwino.

Pofika tsiku lachitatu chibwano chinali chitatupa mpaka kukhosi, cholimba ngati dzungu, thupi lili moto, pakamwa osatseguka moti madzi ndinkawamwetsa ndi kabango. Masanasana anayamba kupuma mochita kukoka, mpweya ukulira pakhosi, maso ali pa ine. Abale anga, ndakumanapo ndi namondwe pakati pa nyanja, koma mantha ngati a tsiku limenelo sindinawaonepo. Akanatsirizika pamenepo, ndikanawauza chiyani akuchikazi? Kuti mwana wawo wafa ndi ulusi wa ukonde?

Ndinawakweza pa njinga, n'kuwamangirira kumsana kwanga ndi chitenje kuti asagwe, n'kupalasa mtunda wonsewo ndikupemphera mosokonekera. Pa mlatho anyamata aja analipodi. Mmodzi anakweza dzanja kuti ndiime, koma atangoona nkhope ya mayiwa anandifunsa ngati ndili ndi nzeru kusunga munthu wotere pakhomo, n'kundiuza kuti ndipalase msanga. Za khadi sanazitchule n'komwe. Chinthu chimene ndinachiopa miyezi yonse ija chinatha ngati kuphethira.

Kuchipatala anawang'amba pansi pa chibwano kuti mafinya atuluke, anawabaya majakisoni masiku ambiri, kenaka anazula chitsa chija pamodzi ndi mano ena atatu oyandikana nacho omwe anali ataonongeka. Adokotala atamva zimene ndinachita sanandikalipire, bola akanatero. Anangondiuza mofatsa kuti tikanabwera pachiyambi akanapala zoyanga za m'mano, n'kupereka mankhwala a nkhama, mwina dzinolo likanalimbanso, ndipo kukanakhala kozula akanabaya jakisoni wa dzanzi n'kuzula ndi zitsulo zowiritsa.

Anachira, koma ku kwaya sanabwererenso. Ankati mawu akuthawira pampata paja, ana akuwayang'ana pakamwa. Zaka zonsezi sanandinenepo ngakhale tikayambana, ndipo chimenecho ndicho chimandipweteka kwambiri.

Kale ndinkati unandilakwitsa ndi mwera, nthawi zina ndinkati ndi khadi. Lero ndikudziwa kuti kunali kudzikuza kwanga basi. Ndiye inu anzanga, mukaona mnzanu wa m'nyumba akulavula magazi potsuka m'kamwa, musati tione mawa, ndipo musayese udokotala pa thupi la mwini. Akakugwirani dzanja kuti dikirani, dikirani. Ine Lamulungu lililonse ndimakhala nawo benchi imodzi, ndipo nyimbo ikayamba ndimawamva akuing'ung'udza pansipansi, milomo ili chitsekere.