Tsiku Limene Ndinagwada M'bwalo la Sumo

Ndikukumbukira Loweruka lina m'nyengo yozizira ya chipale chofewa, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, pamene ine ndi mayi tinakwera sitima kuchoka ku Oshawa kupita ku Toronto. M'thumba la jekete ndinali ndi fomu yopindapinda. Ku holo ina ya anthu a ku Japan kunali tsiku la alendo, ndipo mwana wofuna kulowa kalasi ya sumo, masewera awo ogwetsana, ankayenera kupereka fomuyo kholo litasayina. Chaka chonsecho dayale yanga inali itadzaza ndi za ku Japan zokhazokha.

"Ndikaone kaye ndi maso anga," mayi anatero. "Zikakhala zachipongwe, fomuyo ibwerera mmene yapitiramu."

Mu holomo munkanunkha thukuta ndi mphira, ndipo pansi pankazizira kumapazi. Anatimanga lamba wansalu yokhuthala pamwamba pa kabudula, kumuzunguliza m'chiuno n'kumudutsitsa pakati pa miyendo. Mayi anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Tadala, thewera ndinakusiyitsa kalekale, lero walibwerera?" Ataona tikuwaza mchere m'bwalo anapukusa mutu. "Mchere wonsewu, ndiwo zake zili kuti?"

Mphunzitsi wa atsikana anali Mayi Hoshino, munthu wamfupi, imvi mbuu mutu wonse. Lamulo linali losavuta: masewera akayamba, ukatuluka m'bwalo kapena kugunda pansi ndi chiwalo china osati mapazi, wagonja. Aliyense wa ife ankayenera kuwakankha iwowo mpaka awatulutse.

Dzina langa litaitanidwa ndinalowa. Woweruza atalamula kuti tiyambe, Mayi Hoshino ananditambasulira manja onse awiri, kundiitana. Kwathu wamkulu akakuitana chotero, mawondo amadziwa okha chochita. Ndisanaganize n'komwe ndinali nditagwada, maso pansi. Woweruza anakweza dzanja. Ndinali nditagonja ndisanakhudze munthu, ndipo anzanga anafa nalo phwete.

Anandipatsa mwayi wachiwiri. Ulendo uno ndinawakankha, koma mofewa ngati ndikutseka chitseko cha chipinda chomwe mwagona khanda. Mayi anga ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, tsiku lonse kuwadzutsa ndi kuwayendetsa pang'onopang'ono. Akanandiona ndikukankha gogo wa eni ake, fomu ija akanaisayina?

Mayi Hoshino anandigwira mapewa, n'kulankhula m'Chingerezi mokweza ndithu. "Ndakubwereka chifuwa changa kuti uchikankhe. Ukakankha monyengerera, ukundiuza kuti ndatha ntchito. Ulemu wa muno ndi kundipatsa mphamvu zako zonse."

Ndinacheukira kwa mayi. Anali atamva. Anaimirira, chikwama chili m'khwapa, n'kukuwa m'Chichewa holo yonse ikumva: "Iwe Tadala! Agogowo apempha okha. Uwakankhe ndithu!"

Ndinatsitsa mutu n'kulowa nawo pachifuwa. Zinali ngati kukankha galimoto ya bambo ikatitimira m'chipale pakhomo pathu. Mapazi ankaterereka, mpweya unkandithera, koma ndinamva akusuntha pang'ono, kenako pang'ono pena, mpaka chidendene chawo chinadutsa malire. Titatuluka anangondipotokola kamodzi, ine chagada pamphasa, tonse awiri tikuseka. Ndinadzuka n'kuwaweramira nditaimirira, mawondo ndikuwaletsa mwamphamvu.

Potsanzikana, mayi anapinda bondo n'kuwomba m'manja kuthokoza. Mayi Hoshino anawerama. Mayi anga anatsikirako pang'ono, Mayi Hoshino nawonso anaweramirako, mpaka ndinaopa kuti onse awiri athera pansi. Fomu ija mayi anaisayinira pantchafu, pomwepo pakhomo la holo. "Koma za kukankhazi zithere kuno," anatero. "Ukakayesa kunyumba, uona."

M'dayale yanga tsiku limenelo ndinalemba kuti ndagonjetsa katswiri. Lero ndimaseka ndikawerenga, chifukwa ndikudziwa kuti Mayi Hoshino anatuluka m'bwalo atafuna okha, ataona kuti palibe mphamvu imene ndabisa. Ndinakula ndikuganiza kuti ulemu uli m'mawondo. Tsopano ndazindikira kuti umayamba ndi kufunsa chimene wamkuluyo akufuna kwa iwe. Mayi ndimawagwadirabe ndikamawapatsa tiyi. Koma akandifunsa maganizo anga pa nkhani yovuta, sindinyengerera. Ndimawapatsa mphamvu zanga zonse, iwo n'kuseka: "Uyutu ndinamusayinira ndekha."