Mtanda Wofiira Pakhoma Pathu

Mdzukulu wanga wabwera kuchokera ku Madrid. Akuti kumene kunali minda ya tirigu tsopano kuli nyumba zosanjikizana zokhazokha, anthu kugona pamutu pa anzawo ngati kuno ku Ongar, kudziko la eni kumene tikukhala. Amafotokoza mosangalala, m'Chingerezi. Ine ndinangoti, "Nanga eni mindayo anapita kuti?" 

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene tauni inakula mpaka kufika kwathu kumudzi. Kunabwera amuna onyamula chitini cha penti, nalemba mtanda wofiira pakhoma la nyumba yathu. Ine ndinkayesa ndi dalitso lochokera kutchalitchi, moti ndinkawanyaditsa ana a nyumba zopanda mtanda.

M'mawa wina kunafika chigalimoto chogumula nyumba, pambuyo pake amuna a zibonga.

"Tulutsani katundu msanga!"

Atate anaima pakhomo atagwira khasu. "Mwana wanga tinamuika kuseri kwa nyumbayi. Ndimusiyire yani?"

Mmodzi anawamenya chibonga pakamwa. Atagwa, anawakoka miyendo pamiyala, magazi ali chuchuchu. Amayi anandiphimba kumaso ndi nsalu yawo, koma ndinamva khoma likugwera khola, mbuzi zikulira pansi pake, kenako zii. Fumbi linandidzaza mkamwa.

"Amayi, si ife a mtanda kodi?" ndinafunsa.

"Khala chete, iwe!" anatero amayi.

Pamalopo lero pali msewu ndi masitolo. Tinataya nyumba, mbuzi ziwiri, mano anayi a atate, ndi manda a mlongo wanga Esinati, amene mpaka lero sindidziwa kuti ali pansi pa sitolo iti.