Rimoti inali m'manja mwanga

Amuna awo a NyaMoyo, mayi oyandikana nane nyumba ku Mzimba, anafa chobayidwa ndi mpeni ku Joni. Ndinkadziwa bwino, pamaliro pawo ndinagonapo.

Loweruka lina masana mayiwa anabwera kudzatchaja foni, n'kundipeza ndikuonera filimu yoopsa. Ndinawapatsa mpando. Posakhalitsa chigawenga chinayamba kubaya bambo wina, magazi ali chuchuchu, mwana wake wamkazi akuthawa. Ndinawaona NyaMoyo akutseka pakamwa ndi chitenje. Koma ine, mphunzitsi wamkuluwamkulu, ndinkafuna kuona ngati mtsikanayo angapulumuke. Ndinangochepetsa mawu.

"Si zenizeni izi, mayi, ndi tomato chabe," ndinatero, n'kuseka ndekha.

"Yewo chomene, asambizgi. Mbwenu ndapita." Atandithokoza choncho m'Chitumbuka, NyaMoyo anazula foni isanadzadze.

Mtsikana uja anapulumuka. NyaMoyo masiku ano amakatchaja kumsika.