Mbale Imene Godwin Ankabweza

Anzanga, Godwin ndinakumana naye pakhomo la khitchini, pa loji ina ku Senga Bay. Ine ndinali nditangoyamba kumene ntchito yophika, iye anali mkhalakale wa ku bala, wamkulu kwa ine, wanthabwala zosatha.

"Achemwali, chambo ichi mwakazinga ndinu?"

"Ndine. Chalakwika n'chiyani?"

"Chalakwika n'choti ndanyambita mpaka foloko. Mundiphetsa inu!"

Ndinaseka mpaka mafuta kundithovokera pamkono. Basi, kugwa kwanga kunali komweko.

Kuyambira pamenepo, masana aliwonse ndinkamupatulira chakudya, n'kuvindikira ndi mbale ina, n'kukaika pamwamba pa filiji ya ku bala. Iye ankabweza mbaleyo ili mbee, ngati yatsukidwa. Anzathu amapatsana maluwa ndi mayunitsi, ife chikondi chathu chinali mbale imeneyo.

Koma Godwin ankamwa. Osati kumwa kogona m'ngalande ayi, sindinamuonepo akudzandira. Kungoti pa bala alendo akasangalala amagulira wowatumikira. "One for you, my friend!" Ndiye kukana amati ndi mwano. Uyu wagula, uyo wagula, tsiku ndi tsiku, chiyambire unyamata wake.

"Godwin, sukuonjeza koma?"

"Bebi, uwu si kachasu. Uwu ndi wa m'botolo, azungu amamwa mpaka kukalamba nawo."

Ine n'kuseka. Nanga ndikanadziwa chiyani?

Kenako mbale inayamba kubwerera ndi nyama. Ndinati mwina yalimba. Ndinafewetsa. Inabwereranso. Posakhalitsa tchipisi nazo zinayamba kutsala, mpaka tsiku lina ndinaipeza mmene ndinaisiyira, yosavundukula n'komwe.

"Wadwala?"

"Ayi, ndakhuta chabe."

Wakhuta? Wakhuta kuti?

Ndinamuuza Sharon, mnzanga woperekera zakudya. Sanachedwe kuyankha.

"Iwe Dailes, ndiwe mwana eti? Mwamuna akayamba kubweza mbale, ndiye kuti pali kwina kumene akudya. Kapena amunamiza kuti ukumuthirira mankhwala achikondi. Taona mmene waondera, akumumaliza kumeneko!"

Mawu amenewo anandilowa ngati minga ya nsomba.

Lachisanu lina masana ndinaona ndi maso angawa. Mayi wina anatsika pa kabaza pageti, n'kumupatsa Godwin fulasiki. Iye anaibisa msangamsanga pansi pa kauntala.

Ndinamulondola ku bala. Ndinamupeza akupukuta matambula.

"Ameneyo ndani?"

Iye anangopitiriza kupukuta.

"Godwin, chakudya changa chayamba kukununkhira chifukwa cha ameneyo? Uli ndi wina?"

Anaika tambula pa kauntala. Kenako anati, motsitsa mawu, "Eya. Ndili ndi wina."

Anzanga, sindinalire pamaso pake. Ndinatenga mbale yanga, ndinamubuloka paliponse. Mwezi usanathe anasiya ntchito, anthu n'kumati wapita ku Chipoka.

Miyezi imene inatsatira inali yowawa. Ndinkaweruka, kukwera kabaza, kufika m'chipinda changa cha lendi, n'kungokhala pabedi nsapato zili kumapazi. Foni osalira. Masana ena ndinkazindikira kuti ndapatula chakudya cha anthu awiri, n'kuchibwezera mumphika Sharon asanaone. Ndinkamuda Godwin, komanso ndinkamusowa koopsa.

Tsiku lina mlonda anandiitana kuti pageti pali mlendo. Kutuluka... mayi wa fulasiki uja!

"Ndinu a Dailes? Ine ndine Ellen, mlongo wake wa Godwin."

Mlongo wake?

"Mufulasiki muja munkakhala phala lamadzimadzi," anatero. "Chakudya chinasiya kudutsa pakhosi pake kalekale. Tinapita naye ku chipatala ku Lilongwe, anamupeza ndi khansa ya kummero. Godwin anandiletsa kukuuzani, koma ine ndatopa kumumva akutchula dzina lanu kutulo."

"Khansa? Yachokera kuti?"

"Adokotala anati zoyambitsa n'zambiri, koma kumwa mowa zaka zambirimbiri kumawonjezera chiopsezo. Iye anati amamwa wa m'botolo wokha. Anamuyankha kuti mmero susankha, kaya ndi wayini kaya kachasu, mowa ndi mowa."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Chipoka. Musandiseke anzanga, ndinanyamula chambo chokazinga m'mbale yomwe ija. Ndinkadziwa kuti sangadye, koma manja anga anakana kupita opanda kanthu.

Ndinamupeza pakhonde atagona pamphasa. Godwin wanga wamapewa uja anali atatsala mafupa okhaokha, mawu akutuluka mosasa.

"Bwanji sunandiuze?" Apa ndiye misozi inangoti mbwee.

"Ndinaona kuti kuli bwino uzidana nane kusiyana n'kuti uzindiona chonchi."

"Unandisankhira iwe? Ndikanakuphikira phalalo ine! Ndikanasefa, ndikanakumwetsa ndi supuni!"

"Ndikudziwa, bebi. N'chifukwa chake."

Anaona mbale ija pamiyendo panga. Anamwetulira pang'ono.

"Achemwali, mwakazinga ndinu?"

Anavundukula, anatseka maso, n'kununkhiza kwa nthawi yaitali. Kenako anavindikira bwinobwino, n'kundibwezera ndi manja awiri.

Tinamuika m'manda mvula isanayambe.

Ine ndikadali pa loji pompaja. Ku bala kuli mnyamata watsopano, ndipo ndikamva mlendo akuti "One for you," mtima umandidumpha. Mnyamatayo ndinamuuza za Godwin. Anandiyankha kuti, "Asisi, uwu ndi wa m'botolo."

Anzanga, munthu amene mumamukonda akasintha, musathamangire kufunsa kuti ali ndi ndani. Yambani mwafunsa kuti chikumupweteka n'chiyani. Ndipo inu odwala, musabisire okukondani. Godwin anandilanda miyezi imene ndikanakhala pambali pake, ndipo palibe amene angandibwezere.

Mbale ija ili pamwamba pa kabati kwanga. Sindidyeramo.