Funso Limene Sindinaloledwe Kuyankha

Amuna anga anayendetsa basi kunja kwa zaka zambiri. Titabwerera kwathu ku Kasakula, boma la kunjako linkawatumizirabe ndalama za ukalamba pa khadi. Mwezi uliwonse ndinkapita kukatapa ku Ntchisi, n'kuwagulira mankhwala a bipi. Chidwalireni sitiroko, moyo wawo unkadalira mankhwala amenewo. Lilime lawo linali litalemera, mawu ankatuluka ngati ngolo yokwera chitunda.

Tsiku lina makina anakana khadi. Ndinayesa kawiri, mlonda akundiyang'ana ngati ndaba. Kunyumba m'botolo munali mutatsala mapilitsi a masiku anayi okha.

Kuseri kwa khadi kunali nambala yakunja. Kwathu netiweki imagwira pachulu cha kumtunda kwa munda basi, choncho tinakwera, iwo ndi ndodo, ine mpando kumutu. Titamvera kanyimbo kodikirira mpaka mayunitsi kutsala pang'ono kutha, anayankha mtsikana wina m'Chingerezi. Anati khadi alitseka chifukwa likugwiritsidwa ntchito kudziko lina, ndipo akufuna kumva mawu a mwini wake. Anafunsa tsiku lawo lobadwa.

Bambo anayamba kulimbana nalo tsikulo. Ine pakamwa panga sipachedwa, a kumpingo onse akudziwa. Komanso kwathu kuno wodwala sadziyankhira. Kuchipatala, kwa abusa, kulikonse amayankha ndi womudwazika. Ndinangoyankha.

"Ndamva mawu a munthu wina," anatero mtsikanayo. "Sindingapitirize. Zikachitikanso, khadi likhala lotseka mpaka mwini wake adzaonekere kuno yekha."

Munthu wina, ine! Ine amene ndimawasambitsa, kuwamangira mabatani, kuwaphwanyira mapilitsi pa supuni. Ndinalalata njira yonse yotsika, koma mumtima ndinali ndi mantha. Munthu wovutika kukwera chulu akanakwera bwanji ndege? Titafika pakhomo anandigwira dzanja.

"Mawa, amayi... mukaime... uko."

M'mawa mwake ndinagulitsa tambala n'kugula mayunitsi. Bambo ndinawakhazika pachulu, n'kuika foni pamiyendo pawo, mawu akumveka mokweza. Ine ndinakaima patsinde pa mtengo wa mango, nsonga ya chitenje ndili nayo m'kamwa kuti ndisalankhule.

Ulendo uno anayankha mwamuna. Tsiku lobadwa linatuluka, movutikira koma linatuluka. Msewu umene tinkakhala kunjako anaubwereza katatu, thukuta lili kamukamu. Ine ndinkaluma chitenje, yankho lililonse likundiyabwa pakhosi.

"Lomaliza ndi funso lachinsinsi limene munasankha nokha," anatero mwamunayo. "Dzina la mwana wanu woyamba."

Aliyense pamudzi amadziwa kuti woyamba wathu ndi mnyamata amene akuphunzitsa ku Malomo. Koma iyeyo asanabadwe panali kamtsikana, kamene kanangokhala nafe milungu isanu. Tinakaika m'manda kunja komweko, kukuzizira, popanda wachibale ndi mmodzi yemwe. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake sitinalitchulenso, ngakhale tili awiri. Ana athu salidziwa.

Ndiye anawalembera dzina liti anthuwa? Sindinkadziwa. Kaya iwo ankakumbukira, pambuyo pa matenda aja, sindinkadziwanso. Kulakwitsa kunali kutseketsa khadi.



"Mulipo, bambo?" anafunsa mwamunayo.

Amuna anga anakweza mutu n'kuyang'ana kumtengo kumene ndinaima. Kenako anatchula dzina la kamtsikana kaja. Linatuluka lonse bwinobwino, osakokeka pena paliponse, ngati akhala akulitchula tsiku ndi tsiku.

"Zikomo, khadi lanu latsegulidwa."

Sindinasunthe. Chitenje chinali chidakali m'kamwa, misozi ikutsikira momwemo. Zaka makumi atatu ndinkawasungira chakukhosi, poganiza kuti mwana uja ndimamulira ndekha.

Potsika ndinasenza mpando, iwo akubwera pambuyo pang'onopang'ono. Tili pakati pa mizere ya chimanga anaima kuti apume.

"Amayi... tsopano... tchulani inu."

Ine wa pakamwa posachedwa kuyankha uja ndinayesa kawiri, mawu osatuluka. Anandidikira, atatsamira ndodo, osandiyankhira.